Mafuta a nsatsi aja ndapaka miyezi 8, nayi nkhani yake

Asisi amene munkandifunsa kuti mafuta a nsatsi aja akugwiradi ntchito pomeretsa tsitsi kapena ndinangotaya ndalama, lero ndiyankhe poti botolo lachitatu latha dzulo. Ndimagula kwa mayi ena ake mumsika ku Limbe, amayenga okha ngati mmene ankachitira agogo kumudzi, kukazinga nsatsi, kusinja, kuwiritsa kenako nkumayengula mafuta pamwamba, nchifukwa chake amakhala akuda komanso amanunkha utsi. Fungolo ndisakunamizeni silabwino, bambo a kunyumba sabata yoyamba ankafunsa kuti chapserera nchiyani mnyumba muno.

Mmene ndinkayamba kutsogoloku kunali kutapita, mphumi kufika pakati pamutu. Zaka ndi zaka ndikumangitsa mesh yokoka, uku rilaksa, saluni ina yake ankamanga mpaka maso kutsomphoka, usiku osagona ndi mutu koma ine nkumati bola zikhalitse. Ndiye ndinagula mafutawa ndikuganiza kuti pakatha masabata awiri ndikhala ndi tsitsi lofika mmapewa. Aaa kunalibe. Mwezi woyamba zii, wachiwiri zii, ndinatsala pang'ono kukawabwezera mayi aja botolo lawo. Mwezi wachitatu ndi pomwe tinayamba kuoneka titsitsi tofewa ngati ta khanda, ndipo panopa pomwe panali mbee paja patseka, ngakhale mbali ya kumanzere ikadali yopyapyala.

Koma apa ndinene chilungamo, tsitsi la munthu limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi basi, upake chiyani upake chiyani, ndiye amene akukuuzani pa Facebook kuti mafuta awo amameretsa tsitsi masiku 7 akufuna ndalama zanu. Ine ndikuona kuti mafutawa chomwe anandithandiza nkuti tsitsi lisamaume nkumaduka, maka nthawi yozizira ija ya June ndi July pomwe limangothothoka ukalipesa. Zinazo ndinasintha ndekha, ndinasiya rilaksa, ndinasiya zokoka, ndimangoluka mizere yomasuka nkuvala wigi, kuchapa ndi shampu sabata iliyonse, kugona ndi duku ya satini poti ya chitenje imamwa mafuta onse. Ndiye kaya ndi nsatsi kaya nkusiya kulizunza, mwina zonse.

Kapakidwe kake, musathire ngati mukukazinga mandasi chonde. Ndi olemera kwambiri, amamata, ukachulutsa fumbi lonse la mu October limakhala lako ndipo pilo amada. Ine ndimayamba ndanyowetsa tsitsi ndi madzi pang'ono, timadontho pa zala, nkusisita pakhungu mphindi zingapo, katatu pasabata, nthawi zina ndimasakaniza ndi a malambe kuti apepukeko. Masiku ena ulesi umandigwira ndithu koma sindinadumphepo sabata yathunthu. Amene mukufuna kuyenga nokha samalani ndi ana, njere za nsatsi ndi poizoni akatafuna. Komanso ngati pamalopo pachita kusalala pepepe kwa zaka, kapena pali zilonda, pitani kuchipatala akaone kaye, mafuta sangadzutse mizu yomwe inafa.

Chondinyasa china ndi botolo, chitsekerero chake chimadontha, chikwama changa china chinathera pomwepo. Koma Loweruka ndikupita kukatenga lachinayi, ndipo ku ukwati wa mng'ono wanga mu December ndikamangitsa ndithu, kungoti womangayo ndamuuziratu kuti kutsogoloku asakhudzeko.