Ofesi ya maloya ku Zomba: mmene inagwirira mlandu wanga wa ngongole ya anthu awiri

Anthu amene akhala akundifunsa za ofesi ya maloya yomwe inandiimira pa mlandu wa ngongole amafuna yankho lalifupi, ndipo yankho lake ndi lakuti ntchito ya kukhoti amaidziwa bwino, koma pa nkhani ya malipiro ndi kudziwitsa mwini mlandu pamene zinthu zafika ali ndi zambiri zoti akonze. Ofesiyi ndi yaing'ono, ya maloya awiri ndi kalaliki mmodzi, ndipo ili m'kati mwa tauni ya Zomba. Dzina lake sinditchula chifukwa zina mwa zimene ndinene ndi madandaulo, pomwe eni ake alibe mwayi woyankhapo pano.

Ine ndi alamu anga tinatenga ngongole ku bungwe lina lobwereketsa ndalama kuti tigule chigayo cha mpunga chomwe tinachiika ku Songani, ndipo tonse awiri tinasaina pa chikalata chimodzi. Namondwe wa Freddy atasakaza chigawo chakummwera mu Marichi 2023, mpunga wobwera ku chigayo unachepa kwambiri, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho, mtengo wa zipangizo za chigayo unakwera mosaneneka. Alamu anga ananyamuka ulendo wa ku Johannesburg n'kusiya kulipira. Ine ndinapitiriza kutumiza theka langa pa foni mwezi ndi mwezi, mpaka tsiku limene masherifu anafika pakhomo ndi mapepala a khoti n'kuyamba kulemba katundu wa m'nyumba. Chigamulo chinali chitaperekedwa kale ine osadziwa kuti pali mlandu, pakuti chisamani anachisiya kwa mnyamata wa pachigayo, yemwe anachisunga kuti adzapatse alamu anga akadzabwera.

Chimene ndimaiyamikira kwambiri ofesiyi ndi chakuti loya wake sanandinamize pa tsiku loyamba. Anatenga chikalata cha ngongole, n'kuchiyala patebulo, n'kuika chala pa ndime ina ya zilembo zing'onozing'ono pafupi ndi pomwe tinasaina, ndipo anandiwerengera pang'onopang'ono akumasulira m'Chichewa. "Amayi," anatero, "nkhani ya theka ndi theka ndi ya pakati pa inu ndi alamu anu. Obwereketsawa malamulo akuwalola kufuna ngongole yonse kwa aliyense wa inu awiri, ndipo amapita kwa amene akumuona." Mawuwo anandilasa mtima, koma ndaona anthu ena akulipira maloya miyezi yambiri chifukwa cholonjezedwa kuti ngongole idzafufutidwa, ndipo ndikuona kuti kuuzidwa zoona msanga kunandipulumutsira ndalama komanso kunandithandiza kuganiza bwino.

Ndinapita kumeneko ndikunena kuti ndikufuna kuchita apilo, chifukwa ndi njira yokhayo imene ambirife timaidziwa. Loyayo anandilongosolera kuti apilo ndi ya mlandu womwe khoti linamva mbali zonse ziwiri n'kugamula, ndipo kuti apilo yochokera ku High Court imapita ku Supreme Court of Appeal ku Blantyre, komwe kumafunika nthawi ndi ndalama zambiri. Chigamulo changa chinali cha mtundu wina, choperekedwa chifukwa chakuti woimbidwa mlandu sanayankhe chisamani, ndipo chotere umapempha khoti lomwelo kuti lichichotse mlandu uyambirenso. Malamulo oyendetsera milandu yotere ku High Court, omwe anayamba kugwira ntchito mu 2017, amafuna kuti pempholi liperekedwe pasanathe miyezi itatu chigamulo chiperekedwere, ndipo wochedwa kuposa apo ayenera kufotokoza chimene chinamuchedwetsa. Wopemphayo amalumbira pa chikalata chofotokoza zinthu ziwiri: chifukwa chimene sanayankhire mlandu, ndi mfundo zimene akufuna kudzitetezera nazo. Kungonena kuti ndalama zavuta si mfundo yoti khoti n'kuimvera.

Apa m'pamene changu chawo chinaonekera. Asanachite china chilichonse anathamangira kukapempha khoti kuti liyambe laimitsa masherifu, popeza kupereka pempho lochotsa chigamulo pakokha sikuwaletsa kunyamula katundu n'kukamugulitsa. Zonsezi zinachitikira ku High Court ya konkuno ku Zomba, osafunika ulendo wa ku Blantyre, ndipo katundu wanga sanatuluke pakhomo.

Ntchito imene inatembenuza mlandu anaigwira ndi kalaliki wa mu ofesimo, mtsikana wofatsa amene ndikukhulupirira kuti mabwana ake sadziwa bwinobwino kufunika kwake. Analembera obwereketsa kuwapempha sitetimenti ya ngongole yonse kuyambira tsiku loyamba, kenako anakhala nane pansi, foni yanga ili m'manja, tikutsegula mauthenga a Airtel Money umodziumodzi, iye akulemba tsiku, nambala ya uthenga ndi ndalama m'kope la sukulu lomwe analijambula mizere ndi rula. Titayerekeza ndi sitetimenti ija tinapeza kuti ndalama zina zomwe ndinatumiza sizinalowetsedwe konse, ndipo pa miyezi imeneyo anandiwerengera chindapusa cha kuchedwa, n'kuikanso chiwongoladzanja pamwamba pa chindapusacho. Ndiye kuti ndalama zomwe zinalembedwa m'chigamulo zinali zoposa ngongole yeniyeni, ndipo iyi ndiyo inakhala mfundo yathu yaikulu pamodzi ndi ya chisamani chimene sichinandifike. Loya ananditchuliranso lamulo la Loans Recovery Act, lomwe limapatsa khoti mphamvu younikanso ngongole ya chiwongoladzanja chofinya munthu mopyola muyeso, koma anandichenjeza kuti tisatsamirepo kwambiri chifukwa chiwongoladzanja chathu chinali cholembedwa poyera ndipo sichinali cha katapila.

Khoti linachotsa chigamulo chija. Mlandu utayambiranso unapita ku gawo lokambirana pamaso pa jaji, lomwe malamulo omwe aja amafuna kuti lichitike mlandu usanazengedwe, ndipo kumeneko tinagwirizana za ndalama zotsala zenizeni ndi kuti ndizilipira pang'onopang'ono mwezi uliwonse. Ngongole ikadalipo ndipo ndikuilipira ndekha, koma ndikulipira imene ndikuidziwa mutu wake.

Tsopano ndinene zimene sizinandisangalatse. Pa tsiku loyamba ananditchulira ndalama yoyambira, ine n'kulipira, n'kulandira risiti, koma sanandipatse pepala lililonse losonyeza kuti ntchito yonse idzafika pa ndalama zingati ndiponso kuti zomwe ndalipirazo zikukwanira mpaka pati. Pambuyo pake kunayamba kubwera zina: zokapereka mapepala kukhoti, zolumbiritsa chikalata, zokasiya makalata kwa maloya a mbali inayo, komanso za masherifu, omwe amafuna zawo ngakhale katundu asananyamulidwe. Palibe ndi imodzi yomwe imene inali yabodza, ndipo iliyonse inali ndi risiti, koma munthu amene wabwera chifukwa cha ngongole ndi woti wapanikizika kale, ndipo kumuuza ndalama mwapang'onopang'ono chonchi kuli ngati kumuwolotsa mtsinje wa Likangala usiku osamuuza pomwe pali pozama. Ofesi yodziwa ntchito ngati imeneyi iyenera kulemba zonse pa pepala limodzi kuyambira pachiyambi.

Chachiwiri ndi kusadziwitsa. Mlandu ukasinthidwa tsiku, zomwe zimachitika kawirikawiri ndipo nthawi zambiri si vuto la loya, palibe amene ankandiimbira foni, moti ndinkamva nditafika kale kukhoti, chigayo nditatseka. Mapepala onse anali m'Chingerezi, monga mmene zilili m'makhoti athu, ndipo ngakhale loya wamkuluyo ankamasulira mofatsa akapezeka, mnzake wachiwiri uja ankangoloza posaina. Chikalata cholumbira si chinthu choti munthu asaine asanachimve, pakuti mawu ake amakhala ako ndipo ukanama mlandu wake ndi wako. Ndinkakana kusaina mpaka wina atandiwerengera, ndipo ankandiwerengera, koma sizinayenere kudikira kuti ndichite kupempha.

Pa nkhani ya alamu anga anandilangiza mwanzeru. Anandiuza kuti ndikalipira kuposa gawo langa malamulo akundilola kuwasumira kuti andibwezere, koma kusumira munthu amene ali kunja kwa dziko kumadya ndalama zambiri, choncho ndi bwino kuyamba ndi akuluakulu a kubanja n'kulemba pa pepala chilichonse chimene tagwirizana. Loya wofuna ndalama akanangotsegula fayilo yachiwiri. Ankhoswe anakhalapo, ndipo alamu anga ayamba kutumiza kangachepe, ngakhale kuti sikabwera mwezi uliwonse.

Kwa munthu amene ali ndi chigamulo chotere m'manja ndipo angathe kupeza ndalama yoyambira, ofesiyi ndingamutumizeko, koma akafunse mtengo wa ntchito yonse molembedwa asanalipire kanthu, ndipo atenge nambala ya kalaliki kuti aziimba yekha tsiku la khoti lisanafike. Ndi bwinonso kutsimikiza ku bungwe la maloya la Malawi Law Society kuti loya ali ndi chiphaso cha chaka chimenecho, popeza ziphasozi zimakonzedwanso chaka ndi chaka. Amene alibe ndalama asakhale pansi kudikira masherifu: bungwe la Legal Aid Bureau, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 kuti lizithandiza anthu osowa, lili ndi ofesi konkuno ku Zomba, ndipo limayamba launika mapezedwe a munthu lisanamutenge. Dandaulo la kawerengedwe kolakwika ka banki kapena bungwe lobwereketsa lovomerezeka likhozanso kupita kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, koma dandaulo limenelo silichotsa chigamulo cha khoti ndipo siliimitsa miyezi itatu ija. Kulikonse kumene munthu angapite, anyamule chikalata cha ngongole, mapepala onse amene masherifu anasiya, malisiti, ndi foni imene ankatumizira ndalama, mauthenga ake asanafufutidwe.