Masiki ya A2P3 kwa abambo opopera ndi openta: gulani, koma payokha siyokwanira

Iyi ndi masiki yamphira yotchinga mphuno ndi pakamwa, yokhala ndi zosefera ziwiri zolembedwa A2P3. Mukaisowa m'mashopu a hadiweya mu Zomba muno, iitanitseni kuchokera ku Blantyre. Ndiyokwera mtengo kuposa timasiki tapepala, koma timeneto timangotchinga fumbi. Mpweya wa thina ndi wa mankhwala a mbewu umangodutsa.

Bambo amene akufuna mwana aiganizire bwino nkhaniyi. Umuna umatenga masiku pafupifupi 74 kuti ukhwime, ndiye zimene wapuma kapena kugwira pa miyezi itatu mayi asanaime zikhoza kukhudza mbewu yake. Mtovu wa m'mabatire umawononga umuna, ndipo mu 1977 ogwira ntchito pafakitale ya mankhwala ophera tizilombo ta mbewu otchedwa DBCP ku California anapezeka kuti sakubereka. Za kulumala kwa ana, umboni wake ndi wocheperapo. Kafukufuku wa ku America wa 2012 anapeza kuti zilema zina zobadwa nazo zimachulukirapo pakati pa ana a abambo a ntchito zina, monga osamalira maluwa ndi kapinga, osindikiza mabuku ndi ogwira za mafuta a galimoto, koma sanatsimikize kuti ntchitozo ndizo zinayambitsa.

Pa chosefera pakhale mizere iwiri: wakhofi (A2) ndi wa mpweya wa mankhwala, woyera (P3) ndi wa fumbi ndi timadontho. Mukavala, tsekani zoseferazo ndi zikhatho n'kukoka mpweya. Masiki ikakamira kunkhope, yagwira. Ndevu zimasiya mpata, choncho metani. Pomaliza ntchito, ikani zosefera m'jumbo yomanga bwino, chifukwa zikangokolekedwa m'galaja zimapitiriza kuyamwa mpweya n'kutha msanga. Mukayamba kumva fungo mutavala, zatha, ndipo sizichapidwa. Apa m'pamene pali vuto lalikulu, chifukwa zosefera za kampani ina nthawi zambiri sizilowa pa masiki ya kampani ina. Musanalipire, funsani ngati zosinthira zimapezeka.

Mu Okutobala masikiyi imatentha ndithu, thukuta limadzaza m'kati. Poperani m'mamawa. Openta galimoto ndi penti ya 2K (yosakaniza ndi mankhwala oilimbitsa) asaidalire masikiyi, pentiyo imafuna masiki yolandira mpweya wabwino kudzera pa paipi.

Kwa mlimi wa tomato ku Jali kapena ku Thondwe, mankhwala ambiri salowera m'mphuno koma pakhungu: m'manja posakaniza, ndi kumsana sipuleya ya malita 16 ikamadontha. Onjezani magolovesi amphira a mtundu wa nitrile, ovolosi ndi jombo. Magolovesi ansalu ayi, amamwa mankhwalawo n'kumawasunga pakhungu tsiku lonse.

Ovolosiyo musaipereke kwa mayi woyembekezera kuti achape, makamaka pa miyezi itatu yoyamba pamene ziwalo za mwana zikupangika. Ichapeni nokha m'ndowa yakeyake mutavala magolovesi, ndipo musambe ndi sopo musanalowe m'nyumba.