Sumo pa apu ya NHK World, bandulo yanga ikuthera apa

Ndati ndilembeko za apu iyi chifukwa anzanga kuntchito ku Limbe sakundipatsa mtendere, tsiku lililonse "aise, zimphona zako zovala matewerazi umazionera pati?" Ndi NHK World-Japan, ya kanema wa ku Japan, apuyo ndi yaulere, chako ndi bandulo basi. Pulogalamu yake ya sumo, masewera olimbana a ku Japan, ndi Grand Sumo Highlights, pafupifupi theka la ola, owulutsa amayankhula Chingerezi chomveka bwino.

Ine ndinaipeza mwangozi mu May 2024, magetsi atazima ku Chilomoni kuno, foni ili ndi chaji pang'ono, ndikungoyendayenda pa intaneti. Poyamba ndimangoseka, kuponya mchere m'mwamba, kudzimenya pamimba, kuyang'anizana ngati atambala, kenako ndewu yake masekondi asanu yatha. Koma munali mnyamata wina, Onosato, wa ku Ishikawa, wobadwa 2000, wamtali 192 cm, amene amangokankha anzake kuwatulutsa mu bwalo ngati akukankha wilibala ya mchenga, ndiye ndinati ndimutsatire ameneyu ndione athera pati. Mwezi womwewo anatenga chikho, ndipo unali mpikisano wake wa nambala 7 chabe chiyambireni mu May 2023. Tsitsi lake linali lisanatalike n'komwe kuti amange mfundo yaikulu ija amamanga akuluakulu, kungoonetsa kuti mwanayu anafulumira kuposa tsitsi lake.

Ndiye ubwino wa apuyi uli apa. Mipikisano ikuluikulu imakhala 6 pa chaka, January, May ndi September ku Tokyo, March ku Osaka, July ku Nagoya, November ku Fukuoka, uliwonse masiku 15, ndipo aliyense amamenya kamodzi patsiku. Ukawina 8 umakwera, ukalephera kufika 8 umatsika, palibe zodandaula kuti lefa watibera ngati m'mene timachitira tikatuluka pa Kamuzu Stadium Bullets ndi Noma zikakumana. Ukamaonera tsiku ndi tsiku moyo wa munthu umauona ukukwera masitepe. Onosato ndinamuona akukhala ozeki, udindo wachiwiri kuchokera pamwamba, atawina September 2024, anawinanso March 2025, kenako May 2025 anawina 14 n'kuluza imodzi yokha tsiku lomaliza kwa Hoshoryu wa ku Mongolia uja, basi anamupatsa uyokozuna, udindo wapamwamba kuposa onse mu sumo, n'kukhala yokozuna wa nambala 75 m'mbiri yonse, atangochita mipikisano 13. Tsiku limenelo ndinakuwa mu minibasi mpaka mayi amene ndinakhala nawo pampando anagwira chikwama chawo.

Chinandikhudza kwambiri ndi nkhani ya mphunzitsi wake. Bambo ameneyo pomenya ankatchedwa Kisenosato, analowa sumo 2002 ali ndi zaka 15, anavutika zaka zambirimbiri akumangothera pa nambala 2, chikho choyamba anachiona January 2017 n'kukhala yokozuna wa 72, woyamba wobadwira ku Japan kuchokera 1998. Miyezi iwiri yokha anavulala pachifuwa, sanabwererenso mwakale, January 2019 anasiya, chifukwa yokozuna satsitsidwa, akafooka amangopuma basi. Ndiye taganizani, zimene iye anazipeza patatha zaka 15, mwana amene akumuphunzitsa wazipeza pa zaka ziwiri. Kaya mumtima amamva bwanji mkuluyu, ine ndikanachitako kansanje pang'ono, kunena zoona.

Nthawi yake imatikomera ife. Japan ili patsogolo ndi maola 7, ndewu zimatha 6 koloko madzulo kumeneko, kuno ili 11 m'mawa, ndiye poweruka ndimaonera kanema amene ndamupeza pa apupo, kuchoka Limbe kufika m'tauni ndi jamu ya pa Chichiri ndi Ginnery Corner wamaliza yense. Palinso timavidiyo tatifupi ta Sumopedia tofotokoza mawu ngati yorikiri ndi oshidashi, amene ndi maina a njira zopambanira ndewu, ndi chakudya chawo chanko nabe, mphika umodzi nyama, nsomba, masamba zonse momwemo.

Chomwe ndikanakonda, amaonetsa gulu lapamwamba lokha la anthu 42, pomwe pansipo pali anyamata ambiri opanda salale, amene amaphika, kusesa ndi kutumikira akuluakulu kunyumba yophunzirira, ndipo ndewu zawo ndikanafuna kuziona nawo. Komanso ngati netiweki ya kwanu ili ngati yathu ya kuseri kwa phiri kuno, chithunzi chimaima pomwe zimphona zagundana, pobwerera wina ali kale pansi. Bandulo ya tsiku limodzi musayese, gulani ya sabata, kawiri, muthana nawo pafupifupi mpikisano wonse.

Pa 5 ndikupereka 4. Kondakitala wina wa ku Chilomoni anayamba kumasuzumira pa foni yanga, pano akandiona pa siteji amangofunsa kuti "bwana, mnyamata wathu uja wagwetsa lero?"