Zomwe ogula mfuti kuno ku America amanena za makampani ozipanga

Kwathu mfuti timaiona paphewa la msilikali kapena wapolisi, ndipo ikalira usiku timadziwa kuti kwina kwagwa achifwamba. Kuno ku Indiana komwe ndikugwira ntchito, mfuti ndi katundu wam'sitolo, ndipo anzanga apantchito amatsutsana za mitundu yatsopano monga momwe anyamata a ku Limbe amatsutsirana za mafoni. Ine ndilibe mfuti, koma ndawamvetsera mokwanira kuti ndikufotokozereni maganizo awo.

Chaka chilichonse mu Januwale, mumzinda wa Las Vegas mumachitika chionetsero chotchedwa SHOT Show, chomwe chimakonzedwa ndi bungwe la National Shooting Sports Foundation, ndipo makampani ambiri amaonetsera kumeneko mfuti zawo zatsopano. Munthu wamba salowa, choncho ogula amadalira makanema a pa YouTube, ngakhale amadziwa kuti ena mwa opanga makanemawo amalandira mfutizo kuchokera ku makampani omwewo, ndipo wolandira mphatso sangainyoze pagulu.

Dandaulo lomwe ndimamva kwambiri ndi lakuti makampani amapupuluma kutulutsa mfuti isanayesedwe mokwanira, kotero kuti ogula oyambirira ndiwo amasanduka oyesa, pogwiritsa ntchito ndalama zawo zomwe. Chitsanzo chomwe sichichoka pakamwa pawo ndi Remington R51, pisitoli yomwe inatamandidwa kwambiri m'magazini mu 2014, koma itafika m'manja mwa anthu inkakanika kuwombera bwino, mpaka kampaniyo inasiya kuipanga m'chaka chomwecho n'kudzaibwezeretsa mu 2016. Amatchulanso Sig Sauer P320, yomwe gulu lankhondo la dziko lino linaisankha mu Januwale 2017, koma pofika mu Ogasiti kunamveka kuti ikhoza kuwombera yokha ikagwa pansi mwanjira ina, ndipo kampaniyo inapempha omwe anaigula kuti amene akufuna aitumize ikakonzedwe mwaulere. Chinandidabwitsa n'chakuti bungwe la boma loona za chitetezo cha katundu wogulitsidwa, Consumer Product Safety Commission, lingathe kuchotsetsa pamsika chidole cha mwana koma lilibe mphamvu pa mfuti. N'chifukwa chake achikulire amalangiza kuti mfuti yongotuluka kumene uziyamba waisiyira ena kwa chaka chathunthu.

Kampani ya Glock amainena mosiyana. Itatulutsa m'badwo wachisanu wa mapisitoli ake mu 2017, ambiri anaseka kuti yangosintha pogwirira ndi tina ting'onoting'ono, komabe anakagula, poti amaikhulupirira kuti sikhumudwitsa.

Pa nkhani ya katsatsidwe ka malonda ndi pomwe nkhope zimasintha. Kampani ya Bushmaster, yomwe inali m'banja limodzi ndi Remington, inkatsatsa mfuti yake ndi uthenga wakuti woigula wabwezeredwa chiphaso cha umuna wake. Mfuti ya kampaniyo ndi yomwe inagwiritsidwa ntchito pasukulu ya Sandy Hook ku Connecticut pa 14 Disembala 2012, pomwe ana 20 ndi akuluakulu 6 anaphedwa. Lamulo la 2005 limateteza opanga mfuti ku milandu yambiri yotere, koma mabanja ena a ophedwawo anasuma pa mfundo ya katsatsidwe kameneka, ndipo mu Febuluwale 2022 anagwirizana zolandira madola 73 miliyoni kuchokera ku makampani a inshuwaransi a Remington. Alenje achikulire amene ndimacheza nawo amati kutsatsa kotero n'kochititsa manyazi, chifukwa kumakopa anyamata osakhwima maganizo ndi kuipitsa mbiri ya aliyense wosunga mfuti mosamala. Achinyamata ambiri amakana, amati wolakwa ndi wowombera yekha. Ine ndili mbali ya alenjewo, ngakhale ndaona kuti iwonso amakwiya msanga ndi mfuti yokanika kuwombera kusiyana ndi uthenga wa malonda woteroyo.