Night Court yatsopano: ndaimaliza, koma bilu ikubwerabe

Lachiwiri lapitali ndili pa bureki kuntchito, foni inalira ndi uthenga wa kubanki woti kampani yomwe ndimaonerako masewero pa intaneti yandidula ndalama ya chaka china chathunthu. Ine ndinalembetsa kumeneko chifukwa cha sewero limodzi lokha, Night Court yatsopano, ndipotu linatha kalekale. Madzulo ake alamu anga anandifunsa pa WhatsApp kuti, "Alamu, sewero la kukhothi munkaliyamikira lija, ndilipire nanenso?" Ndiye ndati ndiwayankhire pano, poti ndaonera magawo onse 47, ena mpaka kawiri.

Night Court yoyamba inkaonetsedwa pa kanema wa NBC ku America kuyambira 1984 mpaka 1992. Nkhani yake ndi ya khothi la ku Manhattan lomwe limazenga milandu usiku, woweruza wake ali Harry Stone, munthu wanthabwala wokonda timatsenga ta m'manja. Harry Anderson, amene ankasewera ngati jajiyu, anamwalira mu 2018. Yatsopanoyi inayamba mu Januwale 2023, ndipo pampando paja pakhala mwana wake wa Harry, dzina lake Abby, yemwe ndi Melissa Rauch. Mwa akale onse, wobwerera kudzaoneka sabata ndi sabata ndi John Larroquette yekha, uja wa Dan Fielding.

Zabwino zilipo. Gawo lililonse silifika theka la ola, moti limakwana bwino pa bureki. Lacretta, amene ndi Gurgs mlonda wa m'khothi, akangolowa chipinda chimadzuka. Wendie Malick atakhazikika mu sizoni yachitatu ngati woimira boma pamilandu, Dan anapeza womulimbana naye wa msinkhu wake.

Chomwe sindinkayembekezera ndi Dan yemweyo. Kale anali woimira boma wodzimva, wa maso pa akazi, ndipo Larroquette anatenga nazo mphoto ya Emmy zaka zinayi zotsatizana, 1985 mpaka 1988. Pano wabwera ndi ndevu za imvi, mkazi wake anamwalira, ndipo akuimira anthu osowa ndalama ya loya. Lilime ndi lomwe lija, koma pansi pake pali chisoni cha munthu amene anzake onse anatsogola. Ine ndimagwira shifiti ya usiku yosamalira okalamba kuno ku America, ndipo pali agogo ena aamuna omwe tulo timawavuta. Tsiku lina cha m'ma 2 koloko m'bandakucha anandipeza ndikuonera gawo lomaliza la sizoni yoyamba, nkukoka mpando. Pamapeto pake Dan ali woweruza ku Louisiana, abweretsa mayi woti ayankhe mlandu, kutembenuka chonchi ndi Roz, mlonda wa m'khothi wa sewero lakale lija, yemwe ndi Marsha Warfield. Agogo aja anamenya tebulo, "Roz!", ngati aona m'bale wawo wotayika. Kenako anayamba kundifunsa za ena a m'sewero lakalelo, za Bull, za Mac, za Christine, mmodzimmodzi. Ndinachita kumeza mate, chifukwa Charles Robinson (Mac) ndi Markie Post (Christine) anamwalira mu 2021, Richard Moll (Bull) mu 2023. Ndinangowayankha kuti m'yatsopanoyi mulibe. Usiku umenewo ndikanafunsidwa, ndikanati ndalama yanga yagwira ntchito.

Koma vuto lomwe silinathe kuyambira gawo loyamba mpaka lomaliza ndi chiseko. Seweroli ndi la mtundu uja omvera amamveka akuseka kumbuyo, ndipo ine sindidana nazo, lakale lija linali lomwecho. Kungoti kuno amaseka chilichonse. Abby akati moni, phwete. Wina akatsegula chitseko, phwete. Poti ndimavala mahedifoni kuti ndisadzutse anthu, chisekocho chimandilowa m'mutu kuposa mawu a osewera. Tsiku lina ndinachita dala, ndinazimitsa mawu nkuyatsa zolemba za pansi zija, ndikuwerenga gawo lonse mwakachetechete. Ndinamwetulira kawiri kokha, konseko Dan akuyankhula. Zina zonse zinali nthabwala zoti wazionera patali zikubwera, ngati mvula ya kuphiri. Kuyambira pamenepo sindinathenso kusiya kuziona, ndipo zinandionetsa chinanso: milandu yeniyeni, yomwe ndi ndiwo ya sewero la kukhothi, imangodutsa mphindi imodzi kapena ziwiri. Nthawi yotsala yonse ndi zibwenzi za Abby ndi kukoma mtima kwake kofuna kukonza aliyense. Nkhani yoti iyeyu anavutikapo ndi mowa anaigwira bwino pamene inatuluka, koma kenako anaisiya m'njira.

Anthunso amangosowa. Neil, kalaliki wa khothilo, anachoka itatha sizoni yoyamba, m'malo mwake munalowa Wyatt. Olivia, woimira boma pamilandu, naye anachoka itatha yachiwiri. Ukangoyamba kuzolowera munthu, mawa mpando wake wakhala wina.

Ndiye kathedwe kake. Mu Meyi 2025, gawo lomaliza la sizoni yachitatu, akutulukira Simon Helberg, amene anali mwamuna wa Rauch mu The Big Bang Theory, ndipo tikumva kuti ndi mwamuna wake wa Abby, ukwati womwe palibe ankaudziwa. Patangopita masiku ochepa NBC inalengeza kuti seweroli silipitirira. Basi, tinasiyidwa kukamwa kuli yasa.

Za bilu ija, ndinawalembera a kampani m'mawa nditaweruka. Koyamba anandiyankha makina, mafunso omwewomwewo katatu. Kenako panabwera munthu, waulemu ndithu, amene anati polembetsa ndinavomera kuti azidula okha chaka chikatha, komanso kuti ananditumizira imelo yondikumbutsa. Ndinafufuza, imeloyo ilipodi, yabisala pakati pa zotsatsa malonda. Ndinawauza kuti sindinaonere kanthu chiyambire mwezi wa Meyi, angathe kuona okha. Anati akumvetsa, koma ndalama sabweza. Chomwe angachite nkutseka kuti chaka chamawa asadzadulenso. Ndinatseka foni nkukagona ndi njala ya mkwiyo.

Ndiye alamu, yankho langa ndi ili. Musalipire chaka ngati ine. Lipirani mwezi umodzi, ndipo tsiku lomwelo mulowe m'makonzedwe a akaunti muzimitse zoti azidula okha. Muonere gawo loyamba lenileni, lomaliza la sizoni yoyamba, magawo a Roz, ndi sizoni yachitatu ngati mwamukonda Dan. Zotsalazo muzionera mukusita zovala. Ine poti ndalipira kale mosafuna, agogo aja andipempha kuti tiyambirenso, koma akuti tizidumpha paliponse pamene Dan palibe.