Amisiri oika pampu yothirira pafupi ndi Chipata: ntchito yabwino, koma magetsi sanawateteze

Pampu iyi ndi ya centrifugal (yokankha madzi ndi chopalasira chozungulira chotchedwa impela), 7.5 kW, ya mafezi atatu, yokoka madzi pa damu la pafamu. Amisiri amene anaiika ndi oidziwa ntchito. Anaikhazika pa konkire yowuma bwino, nayeza ndi levulo, ndipo anawongola shafti ya mota ndi ya pampu asanamange coupling yolumikiza mashafti awiriwo. Zikapotoka ngakhale pang'ono, mabering'i ndi mechanical seal (chotsekera madzi kuti asadonthe pa shafti) zimatha msanga.

Mbali yokokera madzi ndiyo inandisangalatsa kwambiri. Khomo la pampu ndi la 65 mm, koma paipi anaika ya 80 mm, yaifupi, yokwera pang'onopang'ono kulowera ku pampu, popanda chigongono pafupi ndi khomo. Polumikiza anagwiritsa eccentric reducer (cholumikizira paipi yaikulu ndi khomo laling'ono, chafulati mbali imodzi), mbali yafulati ili pamwamba, kuti mpweya usatsakamire. Ambiri amaitembenuza, kenako pampu imalira ngati ikugaya miyala, impela n'kudyeka. Pampu anaitsitsa mamita 3 okha pamwamba pa madzi, poti kumalo okwera ngati kuno mphamvu yokoka imachepa. Foot valve (valavu ya kumapeto kwa paipi m'madzi, yoletsa madzi kubwerera) ili ndi sefa, ndipo yatalikira matope a pansi.

Kotulukira kuli non-return valve yoletsa madzi kubwerera, geji yoyezera mphamvu ya madzi ndi gate valve yotsegulira ndi kutsekera madzi. Mapaipi onse ali ndi zogwiriziza zake, sakulemera pa pampu. Anathiramo madzi asanayatse, naonanso kuti mota ikuzungulira motsata muvi wa pa pampu.

Chodandaulitsa ndi bokosi la magetsi. Muli overload yozimitsa mota ikalemedwa, koma mulibe phase failure relay yozimitsa mota fezi imodzi ikathima. Fezi imodzi ikathima, mota ingapse. Mukawaitana, auzeni aikemo, pamodzi ndi chozimitsa pampu madzi akaphwa mu Okutobala.