Mpando wa makatoni wa mwana wanga, patatha miyezi 8

Tsiku lomwe a fizo anandiuza kuti mwana wanga amupangira mpando wa makatoni, mtima unandipweteka. Ndinkaona ngati atiwerengera umphawi. Mwanayu ali ndi zaka 4. Anadwala chikasu chachikulu ali wakhanda wa masiku ochepa, ndipo chinamusiyira cerebral palsy, kuvulala kwa ubongo komwe kumalepheretsa mwana kulamulira bwino thupi lake, ija kuchipatala amangoti CP. Satha kukhala tsonga payekha. Akasangalala kapena kudzidzimuka, thupi limauma n'kupindikira kumbuyo ngati uta. Tsiku lonse ankathera pamphasa chagada, maso kumalata, apo ayi kumsana kwanga.

Kapangidwe ka mipandoyi amakatcha APT, kutanthauza luso lopanga zipangizo ndi mapepala, ndipo anakayambitsa ndi bambo Bevill Packer ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1970. Amamata makatoni angapo ndi phala la ufa, mizere yake ikupingasana kuti alimbe, n'kukuta ndi nyuzipepala ndi mapepala a matumba a simenti. Ukauma padzuwa amaupaka penti. Bambo a mwanayu, omwe ankaukayikira kuposa ine, anautsamira ndi mphamvu zawo zonse koma sunaphwanyike.

Sanangotipatsa wopangiratu ayi. Anamuyeza ntchafu, msana ndi miyendo, mpaka mapazi akumaponda bwinobwino pachopondera. Pakati pa miyendo pali kachotchinga koti asatsetsereke, m'chiuno timamumanga ndi kansalu ka chitenje, ndipo kutsogolo kuli katebulo kochotseka.

Chomwe ndikuuyamikira kwambiri ndi nthawi ya kudya. Kale ndinkamufungata, mutu uli chogadama, ndikamupatsa phala n'kutsamwa, kutsokomola mpaka misozi, theka la phalalo kuthera pa chitenje changa. Ndinkaopa mbale. Pampandopa chibwano chimawerama pang'ono, ndipo ndimakhala moyang'anizana naye, n'kumaona kukhosi kwake akameza ndisanamupatse supuni ina. Kutsamwa sikunatheretu, koma kwachepa kwambiri. Sabata yachitatu ndinaika kachidutswa ka mbatata yophika pakatebulopo. Dzanja lamanja linaphonya kawiri, zala zikutambasuka paokha, kachitatu anakafumbata n'kukapaka patsaya, kenako kanalowa mkamwa. Ndinaitana mlamu wanga kuti adzaone.

A fizo sanatinamize. Anatifotokozera kuti ana a CP amawaika m'magulu kuyambira 1 mpaka 5 malinga ndi mmene amasunthira (a pa 5 ndi omwe amavutika kwambiri), muyeso womwe unakonzedwa ku Canada mu 1997, ndipo wathu ali pa 4. Anati mpandowu sumuyendetsa. Ntchito yake n'kugwira thupi kuti manja ndi maso zipeze mpata. Anatiuzanso za kafukufuku wa Iona Novak ndi anzake ku Australia, wa mu 2013, yemwe anaonetsa kuti mwa zinthu zothandizadi ndi kusankha cholinga chimodzi chooneka, mwana n'kumachiyeserera kunyumba mobwerezabwereza. Ife tinasankha supuni. Mafizo athu tsopano amachitikira pa nthawi ya nsima.

Zovuta zilipo, ndipo amayi anzanga muzidziwiretu. Mdani wake wamkulu ndi madzi. Mkodzo unalowa pomwe penti inakanduka, kona yakumbuyo n'kufewa, moti tinachita kumatanso. Panopa timayala pepala la pulasitiki pansi pa nsalu. Nthawi ya dzinja suufuna pansi pa chinyontho, ndipo ngati nyumba yanu ndi yozira, uikeni pa njerwa chifukwa chiswe sichichedwa. Mu Okutobala msana wa mwana umatuluka thukuta kwambiri. Komanso musamusiyemo tsiku lonse chifukwa choti mwapeza mpata wochapa. Ife anatiuza kuti tizimusintha kakhalidwe, nthawi ina agone chafufumimba, nthawi ina aime titamugwira.

Chondidandaulitsa n'choti mwana wakula, mawondo ayamba kugunda katebulo, ndipo kumene tinaupangitsa wopanga ndi mmodzi yekha. Tadikira wina miyezi 2 tsopano. Mayi wina anafuna kundibwereka wa mwana wake, ndinakana, chifukwa woyezedwa pa thupi la wina ukhoza kupotoza wanga.

Madzulo timautulutsa pakhonde. Anzake akamasewera fulaye pabwalo iye amawatsatira ndi maso, n'kumakuwa mpira ukamenya munthu. Lachiwiri tikubwerera kukafunsa, ndipo makatoni 6 a sopo omwe ndapempha pagolosale ndawamanga kale.